Chipinda Chosatulutsa Phokoso

Ndinasiya ntchito kufakitale yocheka matabwa makutu anga atayamba kulira. Kanali kamluzu kosalekeza, ngati nyenje yabisala m'mutu. Dokotala anandiwunika ndi katochi, n'kunena kuti mankhwala ake palibe, ndizingopewa phokoso. Ndiye ndinalongedza sowo, pulena ndi hamala yanga, n'kupita kukakhala kunyumba.

Kunyumbako ndinapeza phokoso likundidikira. Zaka makumi atatu ndinkachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, choncho sindinkadziwa kuti nyumba yathu imakhala yotani masana. Akazi anga ndi telala. Makina awo, aja opalasa ndi phazi, ankakhala m'kachipinda koyang'ana kumsewu, momwe kale munkagona mwana wathu wamkazi asanakwatiwe. Khoma la pakati pa kachipindako ndi pabalaza silinkafika kudenga, ndipo siling'i tinalibe. Akangoyamba kupalasa, phokoso linkakwera, n'kugunda malata, n'kutsikira pamutu panga penipeni. Kuwonjezera apo, ankaimba. Akazi anga samaliza nyimbo. Ulusi ukaduka amaisiya m'malere, akaulowetsa pasingano amayambiranso poyamba.

Ndiye panalinso anthu. Pakati pa windo lawo ndi msewu pali mpanda wautali ndithu, moti wodutsa saona m'kati. Koma akamva makina akulira ankaima n'kukuwa.

"A Telala, mulipo?"

"Ndilipo, zungulirani!"

Wina zipi yafa, wina kabudula wa mwana wang'ambika pamatako, wina wangobwera kudzacheza atanyamula kansalu koti pakhale chifukwa. Tsiku lonse zinali choncho.

Ndinapirira miyezi iwiri. Tsiku lina masana, mutu ukundiwawa ngati ukufuna kung'ambika, ndinakaima pakhomo pa kachipindako.

"Amayi, kodi makinawa sapuma? Andipha ine makina amenewa."

Anachotsa phazi pachopondera, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mwati chiyani, a Misomali?" Dzina limeneli anandipatsa titangokwatirana, chifukwa cha misomali yomwe ankaipeza m'matumba a buluku langa pochapa.

"Ndati mutu."

"Ndamva. Dikirani ndimalize mpendero wokhawu."

Mpenderowo anaumaliza ndi singano ya pamanja. Kuyambira tsiku limenelo ankasoka mozemba. Ndikatuluka panja makina ankathamanga, ndikalowa n'kukhala pampando ankaima. Ndinachita manyazi, koma kupepesa sindinapepese. Ine pakamwa panga m'polemera. Chinthu chikandivuta ndimatenga tepi n'kuchiyeza.

Mpata unapezeka mwana wathu uja atabereka mwana wake woyamba. Amayi ake anakwera basi kukamuthandiza, akuti akakhalako milungu itatu. Basiyo isanakhote n'komwe, ine ndinali nditayamba kale kusanja matabwa m'mutu. Ndinati kachipinda kaja ndikatseke kuti phokoso lisamatuluke. Iwo azisoka momwe akufunira, ine ndizipuma, aliyense pamtendere. Ndalama zogulira zipangizo za kusitolo ndinalibe, koma kuseri kwa nyumba yathu kunali zotolatola za zaka zambiri.

Oyamba kuwauza anali alamu anga, mlongo wa akazi anga, amene amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika.

"Zosavuta izo, alamu," anatero akupopa tayala. "Kumene amajambulira nyimbo amamata mathireyi a mazira khoma lonse. Ndinaona ndi maso angawa."

"Munakaimbako?"

"Ndinakapereka njinga. Koma maso ndinapita nawo."

Ndinapita kwa mayi wogulitsa mazira mumsika, n'kumupempha mathireyi onse omwe sakuwafuna.

"Onsewa? Mwayamba kuweta nkhuku, a Kalipentala?"

"Ayi, ndikufuna kutseka phokoso la makina."

"Eni makinawo akudziwa?"

"Ndi mphatso. Adzangoona akabwera."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Amuna inu ndi mphatso zanu! Anga anandigulira wilibala pa tsiku langa lobadwa." Anandipatsa mulu wa aja othimbirira ndi mazira osweka, osandilipiritsa.

Masiku awiri ndinali kumata mathireyi ndi guluu ndi timisomali, mizere yowongoka bwino. Nditamaliza ndinaika wailesi pamakina, n'kuikweza, n'kutseka chitseko, n'kukakhala pampando wanga pabalaza. Wowerenga nkhani ndinkamumva ngati wandikhalira pamwendo.

"Mwina mwamata mozondotsa," anatero alamu atabwera kudzaona.

"Mathireyi ali ndi kumutu ndi kumiyendo?"

"Ine ndimakonza njinga, musandifunse zambiri."

Apo m'pamene ndinasiya za kumva kwa anthu n'kuyamba kuganiza ngati mmisiri. Dzuwa lili paliwombo ndinadzitsekera m'kachipindamo, windo n'kuliphimba ndi bulangete, n'kudikira kuti maso azolowere mdima. Mdimawo sunabwere. Kuwala kunkalowera pansi pa chitseko, pabowo la kiyi, patimabowo tiwiri ta mpweya ta pamwamba pa windo, ndipo koposa pamwamba pa khoma paja, pomwe panali mpata woti munthu n'kudumphira pabalaza. Ndinati, polowera kuwalapa m'pomwe phokoso likutulukira. Ndinatenga choko n'kuchonga paliponse pomwe pankawala.

Khoma ndinalikweza mpaka kumalata ndi matabwa, uku ndi uku, pakati pake n'kutsendera utuchi. Utuchiwo ndinakatenga kuntchito kwanga kwakale. Kapitawo anati nditute wonse ngati ndikufuna, ukungowola. Siling'i ndinapanga ndi zidutswa za pulayiwudi ndi makatoni, pamwamba pake n'kuyala mabulangete akutha ndi matumba a utuchi. Chitseko ndinachiveka siponji ya matiresi akale, m'mphepete mwake n'kukhomera mphira wa machubu omwe alamu anandipatsa, kuti chikatsekedwa chizimata ngati chivindikiro cha botolo. Pansi pa miyendo ya makina ndinaika kapeti wakale ndi zidutswa za tayala. Timabowo ta mpweya ndinatitseka ndi nsanza n'kukhomerapo thabwa.

Windo ndi lomwe linandizunza. Posoka pamafunika kuwala, ndiye sindikanaliphimba. Ndinachotsa galasi pa kabati yathu yakale ya mbale, n'kulipangira felemu, n'kuliika m'kati mwa windo lija, kuti akhale magalasi awiri. Ndinaona kuti ndikaika mahinjesi pakhala mpata, ndiye ndinalikhomereratu.

Zogula zinali misomali ndi guluu basi. Zimenezo ndinkazinyadira kwambiri.

Alamu anabwera tsiku lomaliza. Analowa, n'kuzungulira, n'kununkhiza.

"Muno mukununkha mazira ndi tayala. Nanga mpweya uzilowera pati?"

"Akatopa azitsegula chitseko."

"Mlongo wanga ameneyu mukufuna kumusunga m'botolo ngati mbewu?"

"Inu lowani mutseke, mukuwe, ine ndimvetsere."

Anadzitsekera. Ndinakhala pabalaza, khutu lili tcheru. Zii. Patapita kanthawi anatuluka akupukuta thukuta, mano onse ali pamtunda.

"Ndakutukwanani bwinobwino, alamu, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Za zaka makumi atatu ndazitulutsa lero. Simunamve?"

"Ngakhale liwu limodzi."

"Ndiye ndizibwera Loweruka lililonse."

Tinaseka. Tsiku limenelo ndinadziona ngati munthu wanzeru kuposa onse mumsewu wathu.

Akazi anga anafika Lachinayi masana, atatopa, ali ndi nkhani zambiri za mdzukulu. Sindinawalole n'komwe kukhala pansi. Ndinawagwira dzanja n'kupita nawo kukachipinda kuja.

Anaima pakati, chikwama chikadali paphewa. Anayang'ana mathireyi, siling'i, chitseko chonenepacho. Anakhudza galasi ndi chala.

"Ndiye muno ndi mwanga muja?" anafunsa, kenako anaima n'kumvetsera. "Ii, mawu anga akufera pakamwa pomwe."

"Ubwino wake ndi umenewo. Muzisoka mpaka kutopa, ine sindizimva kanthu."

"Windoli limatseguka?"

"Limenelo ayi."

"Nanga chitsekochi, chotsekera chili m'kati kapena kunja?"

"M'kati, amayi. Mukundiganizira zotani?"

"Ndimangofunsa." Anatula chikwama pamakina. "Mwagwira ntchito, a Misomali. Zikomo."

Zikomo ameneyo ndinamulandira ndi manja awiri, osaona kuti nkhope yawo sinasinthe ponena.

Mlungu woyamba ndinagona tulo ta masana tomwe sindinagonepo chibadwire. Nyumba inangoti zii. Nthawi ndi nthawi chitseko chija chinkati fuu potseguka, akazi anga n'kutuluka nkhope ili thukuta lokhalokha, n'kukaima pakhonde akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni. Akapuma ankabwerera n'kudzitsekera okha. Sanasiye chitseko chili chotsegula ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkati zinthu zikuyenda.

Tsiku lina ndinawapititsira tiyi. Nditakankha chitseko ndinapeza makina akuthamanga, iwo atatseka pakamwa.

"Lero palibe nyimbo?"

"Muno nyimbo imagwa pansi ngati nsanza yonyowa. Ikani tiyiyo apo, mutseke, mungadwale mutu."

Za anthu a kumpanda aja sindinaziganizire mpang'ono pomwe. Munthu akadutsa osamva makina ankangopitirira. Amene ankakuwa, iwo m'katimo sankamva, ine pabalaza ndili m'tulo, ndipo ngakhale ndili maso, khutu langa lakumanzere n'longokongoletsa mutu. Mulu wa nsalu patebulo pawo unayamba kutsika. Ine ndinkaona ngati akumaliza ntchito msanga chifukwa palibe wowasokoneza.

Lachiwiri lina akazi anga anabwera kuchokera kumsika n'kukhala pampando woyang'anana ndi wanga, dengu lili pamiyendo.

"Ndakumana ndi aphunzitsi aja a sukulu ya mkaka."

"Ali bwanji?"

"Anabwera kuno katatu ndi nsalu ya mayunifolomu a ana onse. Katatu, bambo. Anakuwa kumpanda, anazungulira, anagogoda pakhomo. Apereka kwa wina."

"Ine sindinamve."

"Ndikudziwa. Wogulitsa tomato wandifunsa ngati ndachira. Wina akuti anamva zoti ndinatsalira kwa mwana. Akuti nyumba yathu yangokhala ngati anthu anasamukamo."

Pamenepo m'pomwe ndikanafunsa kuti, nanga inu mukufuna titani? Koma mutu wanga unali utathamangira kale kuseri kwa nyumba, komwe ndimasunga zitsulo.

"Zosavuta. Ndimangirira waya kuchokera kumpanda mpaka m'chipinda, kumapeto kwake kabelu ka njinga. Munthu akakoka, inu mwamva. Ndilembanso chikwangwani."



"Musavutike," anatero, n'kunyamuka ndi dengu lawo.

Ndinavutikabe. Masiku awiri ndinali pa waya ndi timawilo. Belu linalira bwino ndithu. Koma m'mawa wa tsiku lachitatu ndinapeza chitseko chija chili chotsegula, iwo atachotsa lamba, akumasula mutu wa makina.

"Awonongeka?"

"Ayi. Eni sitolo ina ya nsalu kumsika andipatsa malo pakhonde pawo. Mundithandize kukweza panjinga. Miyendo yake abwera kudzatenga alamu anu."

"Nanga belu?"

"Belu ndi labwino. Gwirani uko, mutuwu ndi wolemera."

Ndinagwira. Ndinawaperekeza mpaka kusitoloko, ine ndikukankha njinga, iwo atagwirizira makina kumbuyo. Panjira anthu ankawapatsa moni ngati munthu wotuluka m'chipatala.

Mwezi umenewo ndinaphunzira chinthu chomwe dokotala sanandiuze. M'nyumba mukakhala chete, mluzu wa m'makutu umakula. Kale unkabisala kuseri kwa makina ndi macheza a pawindo. Tsopano unatsala wokha ndi ine, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Wailesi ndinkaiyatsa, ndinkaizimitsa. Ndinkasesa posesedwa kale. Ndikadutsa pa kachipinda kaja ndinkaona zidutswa zinayi za tayala zili pakapeti, pomwe ndinaziika.

Lolemba lina, iwo atangopita, ndinatenga hamala ndi chozulira misomali. Kumanga kunanditengera milungu itatu, kuphwasula tsiku limodzi lokha. Utuchi unagwa ngati mvula, unalowa m'mbale, m'nsapato, m'tsitsi. Galasi lija linasweka pochotsa. Nditatsegula windo lakale mphepo inalowa n'kuyamba kuthamangitsa mathireyi pansi. Ndinasesa, ndinakolopa, tebulo lawo ndinalibwezera pamalo pake.

Madzulo akazi anga anafika n'kuima pakhomo pa kachipindako.

"Mwaphwasuliranji? Si paja munalimbikira?"

"Bwererani, amayi. Muzisokera muno. Mutu ndi wanga, ndithana nawo."

Anakhala pakampando n'kuyamba kusisita bondo.

"Tsiku lija munati makina akuphani, ine sindinakwiye. Makutu ndi anu, akupweteka inu. Mukanandifunsa ndikanati, m'mawa ndizipalasa inu muli panja, masana muzigona ine ndikudula nsalu ndi kusokerera mabatani. Inali nkhani yothera pa kapu imodzi ya tiyi. Koma inu munadikira kuti ndikwere basi."

"Ndinkafuna mudabwe."

"Ndinadabwadi."

"Ndinalakwa." Mawu amenewa anatuluka movutikira, ngati msomali wadzimbiri.

"Zaka zonse zija munkakhoma mipando ya anthu kuseri kuno Loweruka ndi Lamlungu, mwana ali wakhanda, ine sindinakumangireni bokosi." Ananena mofatsa, osati mokalipa. Kenako anatambasula dzanja n'kundisansa utuchi m'tsitsi. "Taonani, mwachita imvi kawiri."

"Ndiye mubwerera?"

"Kukhonde kuja anthu andipezanso. Aphunzitsi aja abweretsa ntchito ya temu ikubwerayi. Ndikuona anthu, mphepo ikundiwomba. Ndipo ndikuuzeni zoona, bambo. Ndikabwerera muno ndizipalasa khutu lili kwa inu, kumvetsera ngati mwatembenuka pampando. Phazi langali linaphunzira mantha. Sindikudziwa ngati lingaiwale."

Ndinangoyang'ana khoma, pomwe guluu anasiya timabala mizeremizere.

"Chipindachi muchipake laimu," anatero akuimirira. "Mdzukulu akamabwera azigona muno ndi mayi ake."

Mutu wa makina sausiya kusitolo, amaopa akuba. Ndiye m'mawa uliwonse ndimaumangirira pakaliyala ya njinga ndi mphira, n'kuwaperekeza. Tikafika ndimaukhazika pamiyendo yake, ndimamanga mabawuti, ndimakoloweka lamba, n'kudontheza mafuta pomwe akundilozera. Iwo amayala nsalu, amalowetsa ulusi, amaika phazi pachopondera. Koma sapalasa.

Dzulo ndinachedwa dala. Ndinapukuta tebulo lopukutidwa kale, ndinafunsa eni sitolo za nsalu zomwe sindidzagula. Pabenchi ya makasitomala panali malo.

"Ndikhale nawo lero? Ndizikupatsirani sizasi."

"Ndi makutu amenewo? Pitani, bambo, ndiyambe. Anthu akudikira."

Ndinatembenuza njinga. Sindinacheuke, chifukwa ndinkadziwa kuti akundiyang'ana, phazi lili chiimire, kuyeza ngati ndafika patali mokwanira.